Silinali Tsiku Lochapa: Mbiri ya Mayi Euphrasie Lecanu

Bambo Mfumu, anamfedwa, abale anzanga a Gulu la Chifundo amene ntchito yathu ndi kunyamula maliro, ndi inu nonse a kuno ku Valmesnil, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Amene agona patsogolo pathuwa ndi Mayi Euphrasie Lecanu, mwana wa malemu Bambo ndi Mayi Quesnel. Anabadwa m'chaka cha 1834 m'mudzi mwathu muno, m'kanyumba ka miyala kamene kanali m'tsinde mwa phompho loyera la kumadzulo, pamene lero pali khonde la hotela. Anabatizidwa m'tchalitchi muno, ndipo atisiya m'mwezi uno wa Ogasiti, chaka cha 1906. Banja lapempha kuti mbiri yawo iwerengedwe yonse, popeza kunjaku kuli anthu ambiri amene amati amawadziwa chifukwa anawaona pa chithunzi. Palinso pempho limodzi limene malemu anasiya, limene akuluakulu a khonsolo alikana. Tifika pamenepo.

Sukulu sanapite nayo patali. Anaphunzira kwa masisitere nyengo ziwiri zozizira, nadziwa kuwerenga katekisimu ndi buku la mapemphero, kenaka mayi awo anawaitana kuti adzathandize kusoka maukonde. Koma nyimbo zimene anaphunzira kumeneko sanazitaye. Mawu awo anali aakulu, ndipo asodzi ankati akamayandikira gombe ankayamba kumva Euphrasie asanamve belu la tchalitchi.

M'chaka cha 1855 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Onésime Lecanu, msodzi, mwini bwato limene analitcha dzina la Yosefe Woyera. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Atatu anawatenga akadali makanda, ndipo amene anakula ndi Alcide, Zélie ndi Prosper.

Ana inu amene mwabadwa posachedwa, mverani. Gombe lathu lilibe doko. Kale bwato lililonse linkakokeredwa pamwamba pa nsangalabwi, ndipo banja lililonse linali ndi chokokera chake: chipika chachikulu chozikidwa pansi, chokhala ndi mitanda. Okankha mitandayo mozungulira kuti chingwe chikulungike anali amayi. Malemu anakankha mtanda ali ndi pakati, anaukankha ali ndi mwana kumsana, anaukankha m'chisanu manja atang'ambika. Madzi akabwerera m'mbuyo ankatsika ndi anzawo, n'kufukula miyala pamene pamatumphuka kasupe wa madzi okoma, n'kumachapa atagwada mpaka nyanja itawathamangitsa.

Banja lawo linali la nthabwala. Amene tinalipo timakumbukira a Onésime akufuula ali m'bwato kuti, "Kokani, Euphrasie! Kodi supu yangayo mwamwera limodzi ndi mphamvu zomwe?" Iwo n'kuyankha ali pamtanda kuti, "Likanalemera ndi nsomba ndikanakoka ndikuimba, bambo. Koma ili likulemera ndi mimba yanuyo!" Gombe lonse linkafa ndi phwete.

Panalinso mwambo umene makolo anatisiyira. Bwato likachedwa kubwera pambuyo pa namondwe, amayi onse ankayalula mabedi awo, n'kudzayanika nsalu zoyera pa nsangalabwi kuzungulira chokokera cha banjalo, kuti amuna ali panyanja, mwina atasokera m'nkhungu, aone kuyera n'kudziwa pokocheza. Mayi wa nyumbayo ankaima pachokokera, dzanja lili pamtanda, chingwe chili chokonzeka, ndipo sankachoka. Mwana aliyense wa kuno ankadziwa kuti nsalu zikayanikidwa pamenepo si zochapa.

Nkhondo yathu ndi Ajeremani itatha, kunayamba kufika alendo a ku Paris. Ena anatumidwa ndi madokotala awo kuti adzasambe m'madzi amchere. Ena anali anyamata ojambula amene anakana kujambulira m'nyumba ngati akuluakulu awo, namanyamula penti ndi zinsalu zawo kupita nazo padzuwa. Mmodzi wa iwo, Bambo Delorgne, anafika m'nyengo yotentha ya 1873 ali ndi jekete lobooka m'zigongono. Panalibe wofuna kumulandira. Malemu ndi amene anamusesera m'chipinda cha pamwamba chosungiramo maukonde, namupatsa mbale patebulo lawo, namusokera jekete lija. Ankati mlendo sabwezedwa pakhomo, chifukwa ena analandira angelo osadziwa.

Zojambula zake zinkatiseketsa. Zinali madontho ndi mikwasa ya burashi, zopanda malire. Tsiku lina a Onésime anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Bwana, mwamaliza, kapena penti yangokutayikirani?" Iye anaseka nati sajambula nyanja ayi, amajambula kuwala kumene kwagwa pa nyanjayo kusanathawe. A Onésime anati, "Ndiye ndinu msodzi mnzathu. Kungoti zanuzo sizidyedwa." Tikunena izi kuti mudziwe kuti munthuyu sanali wachilendo m'nyumbamo. Ankadziwa mpando wa a Onésime. Alcide, amene anali atangoyamba kupita kunyanja ndi bambo ake, ankamudulira buledi.

M'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho kunaomba namondwe. Mabwato anathawira kumtunda limodzi limodzi, amayi anakoka mpaka misana kuwawa, ndipo atawerenga linasowa limodzi: la Yosefe Woyera, mmene munali a Onésime, Alcide ndi amuna ena atatu. Kutacha, mphepo inali italeka. Kankhungu kanayandama pamadzi, ndipo dzuwa linatuluka lokongola ngati la Pasaka. Amayi anayalula mabedi. Malemu anatenga nsalu ya ukwati wawo, imene mayi awo analuka ndi manja n'kuisokerera zilembo za ulusi wofiira pakona, naiyanika patsogolo penipeni. Kenaka anaima pachokokera, dzanja pamtanda.

Ndi pamene Bambo Delorgne anatsika ndi zipangizo zake, nakhazika chinsalu chake pa miyala, nayamba kujambula.

Mayi Arsénie Duboc, mnzawo wa malemu kuyambira ubwana, amene akhala apo pafupi ndi bokosi, anamupitira. Anati, "Bwana, mulibe manyazi? Amene akudikiridwawo simukuwadziwa?" Iye osachotsa maso pa chinsalu anayankha kuti, "Ndikuwadziwa, mayi. Koma kuwala kotere sikudzabweranso. Auzeni asasunthe." Mayi Duboc anati, "Asuntha kupita kuti?"

Malemu sanasunthedi. Anaima pamenepo dzuwa linakwera, linapendeka. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja. Nyanja inabweza chopalasira chimodzi ndi nsapato imodzi yamatabwa, basi. M'manda mwathu mulibe mwamuna wawo, mulibe mwana wawo woyamba. Bambo Delorgne anachoka sabata isanathe, chinsalu chake chili m'khwapa, penti isanaume bwino.

Malemu anakhala mkazi wamasiye ali ndi zaka zosakwana makumi anayi. Sanakwatiwenso. Analera Zélie ndi Prosper ndi manja awiri amenewa: m'nyengo yozizira ankathira mchere nsomba, m'nyengo yotentha ankachapa zovala za alendo, ndipo bwato la mnansi likafika ankathamangirabe kumtanda. Panalibe anawamva akutukwana nyanja kapena Mwini wake. Ankati Iye amene anapatsa ndi amene watenga, ngakhale ankanena mawuwa atakukuta mano.

Zaka zinapita, ndipo ku Paris zinthu zinatembenuka. Zojambula zija zimene anthu a nyuzipepala ankazinyoza kuti ndi zosatha, olemera anayamba kuzilimbirana. Chithunzi chija cha gombe lathu chinatchuka. Ndipo dzina limene mwini wake anachipatsa, abale anga, linali lakuti "Tsiku Lochapa ku Valmesnil."

Tsiku lochapa! Munthu wadya pa mbale yako, waona mtima wako ukung'ambika, n'kukauza dziko lonse kuti unkayanika zochapa. Akanakhala kuti sankadziwa, tikanati ndi umbuli wa anthu a m'tauni. Koma anauzidwa, ndipo anayankha. Malembo amatichenjeza za otcha mdima kuti kuwala, ndi chowawa kuti chokoma. Tsiku limene mabanja anayi a kuno anasanduka amasiye likupachikidwa m'zipinda za anthu kuti liziwasangalatsa akamamwa khofi.

Sizinathere pomwepo. Njanji itafika, alendo anachuluka ngati dzombe, ndipo aliyense ankafuna kuona gombe la pa chithunzi chija. Anamanga hotela, nagwetsa nyumba imene malemu anabadwiramo. Anandandalika tinyumba tamatabwa tosinthiramo zovala pamene tinkayanika maukonde. Kenaka khonsolo inati zingwe zathu zikukola miyendo ya madona, ndipo fungo la nsomba likuwadwalitsa. M'chaka cha 1899 anazula zokokera zonse, nakankhira mabwato kumapeto kwa gombe, pansi pa phompho pamene pamagwa miyala. Chokokera cha a Lecanu chokha chinakana kuzuka, chifukwa agogo a Onésime anachizika mozama. Anangochidula, n'kusiya chitsa. Lero alendo amakolekapo zipewa. Ndipo kuti chipongwe chikwanire, amalemba atsikana ganyu yoyanika nsalu zoyera, zosada n'komwe, kuti ojambula ndi makamera apange makadi ogulitsa. Mfumu ija ya m'Malembo imene inasirira munda wa mphesa wa mnansi wake inalanda munda, koma siinachite malonda ndi misozi ya anamfedwa. Awa analanda gombe, n'kutibwerekanso chisoni chathu kuti chikongoletse malonda.

Malemu anachiona chithunzicho kamodzi kokha. M'chaka cha 1901 chinabwera ku Rouen, m'holo ina, ndipo Zélie anawaperekeza. Umenewo ndi ulendo wokhawo umene anakwerapo sitima. Analowa ndi nsapato zawo zamatabwa, zikugogoda pansi, anthu akutembenuka. Anapeza chithunzicho chili m'felemu ya golide. Panali thambo, panali nyanja yonyezimira, panali nsalu zoyera zothimbirira buluu ndi chikasu, ndipo pambali pa chokokera panali mikwasa itatu ya penti yakuda. Amenewo anali iwo.

Bwana wina amene anaima pafupi anauza dona wake kuti, "Taona mtendere wake! Anthu osaukawa ndi odala, alibe nkhawa." Zélie anafuna kumuyankha, koma mayi ake anamugwira mkono. Anati, "Msiye, mwanawe. Taona, nkhope sanandipatse. Wachita bwino. Ya tsiku lija palibe akanaipachika m'nyumba mwake." Anayang'anabe, n'kunena kuti, "Dzuwa lokha sananame. Linawaladi chonchi. N'chimene chinandipweteka."

Kenaka anasendera pafupi, maso atatsinzinira, naloza kumene nyanja ikumana ndi thambo. Panali kadontho kofiirira, thanga la bwato lolunjika kumtunda. Anati, "Zélie, thanga ilo." Zélie anati, "Bodza limenelo, amayi. Kunalibe bwato tsiku lija. Wangoikapo kuti chikongole. Tiyeni tizipita." Iwo anati, "Bodza ndithu, ndikudziwa. Koma taima kaye ndiliyang'ane." Ndipo anaima pamenepo, dzanja lawo lamanja litatukuka pang'ono ngati lagwira mtanda, mpaka mlonda anadzawauza kuti akutseka.

Malemu atamva kuti Bambo Delorgne wamwalira, anadzayatsa kandulo m'tchalitchi muno. Mayi Duboc anawadzudzula kuti, "Mnzanga iwe, wapenga? Kandulo ya munthu ameneyo?" Iwo anati, "Arsénie, anali mwana wanjala. Ndinamuona akunyambita mbale. Amene anandikhululukira ine zambiri, ndikamuuza chiyani?" Iwo anakhululuka. Enafe Ambuye atithandize, chifukwa tikadali m'njira.

Pa za mpingo, palibe amene sadziwa. Nsalu za paguwa ili anazichapa kuyambira ali mtsikana mpaka maondo atakana. Ankatsogolera korona m'mwezi wa Amayi Maria. Pa tsiku la Kukwera Kumwamba, pamene Bambo Mfumu amadalitsa nyanja, iwo ndi amene ankayambitsa nyimbo ya asodzi. Ndipo nyanja ikabweza thupi la mwana wa munthu, lathu kapena lachilendo, iwo ankakhala oyamba kufika ndi madzi ndi nsalu. Ankati akusambitsa wa mnzawo, mwina kugombe lina wina anasambitsa wawo.

Anayamba kudwala chifuwa m'nyengo ya Lenti chaka chino. Zélie anawatengera kwake, nawasamala mpaka mapeto. Analandira masakramenti onse ali ndi nzeru zawo. Bambo Mfumu atawadzoza, anaitana ana awo nawauza zinthu ziwiri. Choyamba, kuti bokosi lawo lifunditsidwe ndi nsalu ija ya zilembo zofiira, imene anaisunga m'bokosi la zovala osaigoneranso chiyambire tsiku lija. Chachiwiri, kuti achitiridwe monga ankachitira makolo athu: maliro a munthu wa kunyanja asanapite kumanda, ankatsikira kugombe n'kutulidwa kanthawi pachokokera cha banja lake, mapazi ataloza kumadzi. Anati, "Mukanditule pachitsa paja pang'ono pokha. Bambo anu ndi Alcide aone kuti sindinatope n'kuchoka ndekha. Achita kundinyamula."

Prosper, pamodzi ndi akuluakulu a Gulu lathu, anapita kwa a Meya kukadziwitsa. Mukudziwa kuti chiyambire kukankhidwa kwa mabwato, Prosper amadyetsa ana ake ndi ntchito yolowetsa alendo m'mafunde, atavala malaya ofiira a khonsolo, ndipo chilolezo cha ntchitoyo chili m'manja mwa a Meya. A Meya anati, "Prosper, mwana wanga, uno ndi Ogasiti. Alendo ali m'madzi. Bokosi pakati pa maambulera? Dzerani njira ya kuseri kwa makola. Khonsolo itumiza nkhata ya maluwa, ndipo pamwala wa pamanda tidzalemba kuti apa pagona mayi wa pa chithunzi chotchuka. Alendo azidzafika." Prosper anati, "Bwana, ali moyo mumawagulitsa pa makadi. Lero amwalira ndiye ayamba kununkha?" A Meya anati, "Samala pakamwa. Malaya ofiirawo ali ndi owafuna ambiri."

Kuseri kwa makola! Mayi amene anakoka mabwato a mudzi uno zaka zonsezo, amene anachapa zovala za m'kati za madona omwewo, azembetsedwe ngati katundu wakuba kuti anthu asasokonezeke posamba. Chithunzi chawo chili ndi malo pagombe, koma thupi lawo lilibe. Kodi alendowo sadzafa? Kodi tikawachititsa kuvula chipewa kamphindi, n'kukumbukira kuti ndi fumbi ngati ife, tawalakwira? Nkhata ya khonsolo yafikadi. Ili panja, pamene anaisiya oibweretsa. Palibe waigwira.

Malemu asiya ana awiri: Zélie, amene anakwatiwa kwa a Maubert, ndi Prosper. Asiya mpongozi wamwamuna ndi wamkazi, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi zidzukulutudzi zinayi. Asiya mchemwali wawo mmodzi ku Fécamp, amene walephera kufika chifukwa cha ukalamba. Asiya ana aubatizo amene sitingathe kuwawerenga, ndi mnzawo wa pakasupe, Mayi Duboc. Awiri amene sali pa mndandandawu, ndipo sali m'manda, mukuwadziwa.

M'mawa uno Prosper watenga malaya ofiira aja, wawapinda bwino, n'kukawasiya pakhomo la khonsolo. Wavala juzi ya bambo ake. Ndi uyo wagwira kumutu kwa bokosi.

Choncho, abale, tikatuluka pakhomo ili sitikhotera kumakola. Oliza mabelu atsogole, mtanda wa tchalitchi utsate, ndipo titsikira kugombe, pakati pa tinyumba tamatabwa, mpaka pachitsa. Sitikalimbana ndi munthu. Tikapeza chipewa pachitsapo tikachipereka kwa mwini wake mwaulemu. Amayi inu, yambitsani nyimbo ya asodzi, mokweza, monga ankayambitsira iwo. Ndipo mlendo aliyense akakufunsani kuti kodi kwagwanji, muuzeni kuti chithunzi chija anadzera kutali kudzachiona ndi ichi: mayi ndi yemweyu, nsalu ndi yomweyi, ndipo silinali tsiku lochapa.

Tili ndi lonjezo lakuti tsiku likubwera pamene nyanja idzabweza akufa onse ali m'menemo, ndipo Mulungu adzapukuta misozi yonse. Tsiku limenelo thanga lidzaoneka, losachita kujambula.

Mayi Euphrasie, chotsani dzanja pamtanda. Mwadikira mokwanira. Ambuye amene anadzudzula mphepo ndi mafunde awalandire pagombe lake, ndipo apumule mu mtendere wosatha. Amen.